Mkango wa pa foni, makadi kapena ulendo wa ku Liwonde: tiphunzitse bwanji ana za nyama?

Mwana wa sitandade 1 wa ku Bembeke kapena ku Tsangano safuna womuuza kuti mbuzi n'chiyani. Amaipirikitsa m'munda wa mbatatesi, fungo la tonde amalidziwa, ngakhale kulira kwa kambuzi kosochera amakuzindikira. Chimene akusowa n'kuwerenga dzinalo likalembedwa pa bolodi, ndi kulitchula m'Chingerezi aphunzitsi akafunsa. Njovu ndiye nkhani ina. Dzina analimva kwa agogo, koma ana ambiri njovu anangoiona kuseri kwa K50, ndalama ija ili ndi nkhope ya Inkosi ya Makosi Gomani II, ndipo pamenepo njovu yonse imabisika ndi chala chimodzi.

Nyama zilipo za magulu awiri basi kwa mwana wophunzira chiyankhulo: zimene amazidziwa koma alibe mawu ake, ndi zimene ali ndi mawu ake koma sanazionepo. Amene akulingalira zowononga ndalama pa augmented reality, imene ambiri amangoti AR, ayambe wadzifunsa kuti ana ake avutika ndi gulu liti. Ine ndikuona kuti AR imathandiza kwambiri pa gulu lachiwiri, pamene pa loyamba n'kutaya bandulo chabe. Tiyeni tiziike njirazi pamphasa.

AR ya pa Google

AR ndi luso loti kamera ya foni ikuonetsa malo enieni amene muli, kenako foniyo n'kuikapo chinthu chojambulidwa pa kompyuta, chooneka ngati chaimadi pamenepo. Mukasuntha, nacho chimaoneka mbali ina. Anthu ambiri padziko analidziwa lusoli mu 2016 chifukwa cha masewera a Pokémon Go, ndipo mu 2019 kampani ya Google inayamba kuika nyama zotere pamalo ake ofufuzira. Mumalemba dzina la nyama m'Chingerezi, monga lion, n'kutsika pansi mpaka mutapeza batani la View in 3D, kenako View in your space. Foni imakuuzani kuti muiyendetse pang'onopang'ono moloza pansi, ndipo posakhalitsa mkango uja waima pabwalo panu, ukupukusa mutu ndi kubangula. Pulogalamu yapadera yogula palibe.

Ubwino wake waukulu ndi msinkhu. Nyama itha kuonetsedwa pa kukula kwake kwenikweni, ndiye mwana amaona kuti mvuu siingalowe pa khomo la kalasi, ndi kuti nyamalikiti, amene amafika mamita 5, mutu wake ungaboole denga. Buku silingachite zimenezi. Ndipo mphunzitsi wochenjera amapezerapo mawu ambiri kuposa dzina lokha. Akaimika mkango pafupi ndi chitseko n'kufunsa kuti "Where is the lion?", ana amakakamizika kufuna mawu onena za pafupi, kumbuyo, pansi pa tebulo. Wina akaima pambali pake, nkhani ya chachikulu ndi chaching'ono, chachitali ndi chachifupi yabwera yokha. Mawu amtunduwu ndi amene amavuta kuwaphunzitsa ndi choko.

Komatu si foni iliyonse imene ingathe. Pa Android pamafunika Google Play Services for AR, imene kale inkadziwika kuti ARCore, ndipo imagwira pa mafoni okhawo amene Google inawavomereza, oyambira Android 7 kupita m'tsogolo. Mafoni ambiri otchipa amene adzaza m'matumba mwathu, makamaka a Android Go, mulibe m'gulumo. Pa foni yotere nyama mudzaiona ikuzungulira pa sikirini, koma batani loiika pabwalo silidzaoneka. Kuti mudziwe msanga, fufuzani dzina la pulogalamuyo pa Play Store. Ikakana kuti siyigwirizana ndi foni yanu, musavutike. Pa iPhone zimatheka kuyambira 6s.

Foni ikalola, pamatsala netiweki. Nyama iliyonse imakokedwa pa intaneti nthawi imene mwaifuna, ndiye amene ali pa boma pa Dedza kapena pa Lizulu zimawayendera, pamene mphunzitsi wa kuseri kwa phiri, kumene Airtel ndi TNM zimapezeka pa chulu chimodzi, aziyang'ana kachizindikiro kozungulira ana akusokosera. Kuwala nako n'kofunika. Kamera imafuna timizere ndi timadontho pansi kuti idziwe pomwe pali dothi, choncho m'kalasi ya mdima kapena pa simenti yosalala yonyezimira nyama imayandama kapena kukana kutuluka. Yalani mphasa kapena chitenje cha maluwa, zimasintha nthawi yomweyo. Panja pa dzuwa la masana sikirini sioneka. Pansi pa mtengo ndiye pabwino. Batire limatha mofulumira ndipo foni imatentha, poti kamera ndi zoyezera kayendedwe ka foni zimagwira ntchito nthawi imodzi.

Pali china chimene otsatsa AR satchula. Nyama zoyamba kuikidwa zinasankhidwa ndi anthu a kutali, ndiye pamodzi ndi mkango, nyalugwe, mbuzi ndi bakha mupeza panda, penguin, chimbalangondo ndi shaki. Kenako anawonjezera zina monga mbidzi, mvuu, nkhumba ndi bulu. Zabwino ndithu, koma likongwe amene wamaliza anapiye kuseri kwa nyumba, nkhwali, kanyimbi ndi nungu si nyama zimene opangawo amaziika patsogolo. Ana akatengeka ndi panda sabata yonse, musadabwe mayina a nyama za pakhomo akadali osawadziwa kulemba.

Makadi otulutsa nyama

Mtundu wachiwiri wa AR umayendera makadi. Mumaika khadi patebulo, n'kulozetsapo kamera, ndiye kanyama kamatumphuka pamwamba pa khadilo, kakuyenda ndi kulira, ndipo mawu amatchula dzina lake. Odziwika ndi monga Animal 4D+ a kampani ya Octagon Studio, amene ndi makadi 26, chilembo chilichonse cha Chingerezi nyama yake. Palinso Quiver, kumene mwana amayamba wapaka utoto chithunzi chosindikizidwa pa pepala, kenako chithunzicho n'kudzuka ndi mitundu yomwe iye wapaka.

Njirayi ili ndi zabwino ziwiri zoposa ya Google. Siifuna foni yapamwamba kwambiri, chifukwa kamera imangozindikira chithunzi cha pa khadi, ndipo mapulogalamu ambiri otere mukawatsitsa kamodzi amagwira popanda intaneti. Chachiwiri, mwana amakhala ndi chogwira m'manja, ndipo batire likatha khadi limatsala.

Chimene imataya ndi chija chinatikopa poyamba: msinkhu. Njovu ndi chule zonse zimatuluka zokwana pa chikhatho. Ndipo makadiwa anakonzedwa motsata afabeti ya Chingerezi, pamene kuwerenga Chichewa timaphunzitsa ndi maliwu ndi maphatikizo, monga momwe mabuku a National Reading Programme, imene inayamba mu 2016, amachitira. Khadi la E lokhala ndi njovu lithandiza pa phunziro la Chingerezi, koma pa phunziro la Chichewa mwana akufunika nj, njo, njovu, ndipo khadilo lingomusokoneza. Mawu otuluka mu foni nawo amatchulidwa mwa ku America kapena ku Britain, mofulumira, kamodzi. Mwana wa zaka 6 amamva ngati phokoso la nyamayo, mpaka munthu wamkulu atabwereza pang'onopang'ono.

Makadi enieni sapezeka wamba m'mashopu a pa Ntcheu kapena pa Dedza. Muyenera kuitanitsa kapena kutuma wopita kunja. Ena amasindikiza okha, koma pamafunika inki ya mitundu yooneka bwino, ndipo mukawakuta ndi pulasitiki wonyezimira kamera imavutika kuwazindikira pa kuwala. Kwa eni sukulu za mkaka zolipira amene akufuna chokopa makolo, makadiwa ndi oyenera kuwaganizira, bola musanalipire muyese khadi limodzi ndi foni yomwe muzigwiritsa ntchito, muone ngati pulogalamu yake ikadalipo pa Play Store, ndipo mufunse ngati pakufunika nambala yotsegulira komanso kuti nambalayo imalola mafoni angati.

Vuto la foni imodzi

Njira ziwirizi zimagwa pamalo amodzi. Sikirini ya foni imaonedwa bwino ndi ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, pamene m'sukulu zathu za boma kalasi ya sitandade 1 ya ana opitirira 100 si yachilendo chiyambire maphunziro aulere mu 1994. Mukangotulutsa foni, a kutsogolo amaunjikana, a kumbuyo amakwerana pamsana, wina walira. Ndipo mvetserani zimene ana amanena akaona mkango uja: "Eee! Taonani! Ukubwera!" Chisangalalo chilipo chochuluka, koma chiganizo cha Chingerezi palibe, ngakhale cha Chichewa chathunthu. Foni imatsegula maso. Pakamwa pamatsegulidwa ndi munthu wofunsa mafunso. Mphunzitsi akangoonetsa n'kubweza foni m'thumba, ana apita kwawo ataona kanema, osati ataphunzira.

Kwa ana a mkombaphala palinso malire a zaumoyo. Bungwe la WHO linalangiza mu 2019 kuti ana a zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku akuyang'ana sikirini, ndipo kuchepetsa n'kwabwino koposa. Mphindi zochepa za AR sizifika pamenepo, koma mwana amene waona kuti mu foni ya amayi muli mkango saisiyanso foniyo mwamtendere.

Matabuleti a kusukulu ndi wailesi

Ena amasokoneza AR ndi matabuleti amene afika m'sukulu zina kudzera mu pulogalamu ya BEFIT, imene Unduna wa Zamaphunziro unayamba mu 2023 mogwirizana ndi Imagine Worldwide, VSO ndi onebillion, ya ana a sitandade 1 mpaka 4. Amenewa si AR. Nyama zake ndi zojambula wamba za m'tinkhani. Koma ali ndi zinthu zitatu zimene AR ilibe: amayankhula Chichewa, safuna intaneti, ndipo amatchajidwa ndi sola. Mwana aliyense amavala zomvera m'makutu n'kumayenda pa liwiro lake, akugwira chilembo, kumva liwu, kupanga phatikizo. Pa nkhani yowerenga dzina la nyama imene mwana amaidziwa kale, tabuleti imaposa AR kutali. Pulogalamu ya m'matabuletiwa, ya onebillion, inali m'gulu la ziwiri zimene zinapambana mpikisano wa Global Learning XPRIZE mu 2019. Chovuta n'chakuti kholo silingasankhe. Zimatengera ngati sukulu yanu yafikiridwa, ndipo nthawi ya tabuleti ili ndi ndondomeko yake ya kuwerenga ndi masamu, si yoti muitembenuze kukhala phunziro la nyama.

Wailesi, monga maphunziro a Tikwere amene anayamba kumveka pa MBC mu 2008, imafikira kalasi yonse nthawi imodzi ndipo nyimbo zake zimakhazikika m'mutu. Chithunzi ilibe. Pa mutu wa nyama imafuna makadi pambali.

Katoni, dongo ndi phulusa

Mphunzitsi aliyense amene anadutsa ku sukulu ya aphunzitsi (TTC) amaidziwa TALULAR, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zopezeka pafupi. Anthu ena amainyoza ngati njira ya amphawi, koma ikaikidwa pa sikelo ndi AR m'kalasi ya ana ambiri, ine ndimaipatsa mphoto.

Dulani makatoni a sopo kapena a shuga. Mbali imodzi chithunzi, mbali ina dzina, ndipo mupange magulu awiri, la Chichewa ndi la Chingerezi, osasakaniza pa khadi limodzi. Ana a sitandade 6 ndi 7 odziwa kujambula sasowa pasukulu iliyonse. Mukatero mwana aliyense ali ndi nyama yake m'manja, ndipo masewera amabwera okha: wa chithunzi cha fisi afunefune mnzake wa dzina la fisi, onse a nyama za miyendo inayi aime uku, za mapiko uko, wina alire ngati nyama yake, anzake atchule. Palibe woyembekezera foni. Nyama mumasankha nokha, ndiye nkhanga, gologolo, bilimankhwe, mbira ndi kadzidzi zimalowa m'phunziro.

Dongo ndiye chuma cha kuno. Boma limene limadziwika ndi Dedza Pottery lisamasowe ng'ombe zoumba m'kalasi. Mwana akamaumba amayenera kuganiza za nyanga, linunda, mchira ndi ziboda, ndipo mphunzitsi akamadutsa n'kufunsa kuti "How many legs?", yankho lili m'manja mwa mwanayo. Ziwalo za thupi la nyama zimalowa msanga motere kuposa kuziyang'ana pa sikirini.

Kufooka kwa makadi n'kodziwika: mbewa ndi njovu zimalingana. Koma izi zili ndi mankhwala otchipa. Pa khoma la kunja kwa kalasi lembani mzere pa mamita 3, msinkhu wa phewa la njovu yamphongo, ana aime pansi pake ayang'ane m'mwamba. Pabwalo jambulani ng'ona ya mamita 4 ndi phulusa, ana agone motsatizana muone kuti ikwana angati. Sizingafanane ndi kuona mvuu ikuyasamula pa foni, n'zoona. Koma kalasi yonse imatenga nawo mbali, ndipo mzere wa pa khoma umakhalapo chaka chonse.

Nthano tisaziiwale. "Padangokhala," ana n'kuyankha "Tili tonse," ndipo kwa mphindi khumi amamva ziganizo zathunthu za Kalulu, Fisi ndi Kamba, n'kuimba nawo nyimbo yake. Pa kukulitsa Chichewa cha pakamwa palibe pulogalamu imene ingapose agogo odziwa kusimba, ndipo komiti ya sukulu itha kuwaitana popanda kulipira bandulo. Pano ndi pamene AR imakhala bwino: onetsani mkango kaye kwa mphindi zochepa, kenako nthano ya mkango iyambe, ana ali ndi chithunzi m'mutu.

Kukaona ndi maso

Palibe chingalowe m'malo mwa nyama yeniyeni, koma ulendo umafuna minibasi, mafuta, chakudya ndi chilolezo cha makolo, ndiye ukatheka ndi kamodzi pachaka. A ku Ntcheu ali pafupi ndi Liwonde National Park kudzera ku Balaka. Pakiyi yakhala m'manja mwa African Parks kuyambira 2015, ndipo mikango inabwezeredwamo mu 2018. Njovu, mvuu ndi ng'ona za mu Shire zimaoneka mosavuta, koma mkango mutha kubwerako osauona, ndipo ndi bwino kuwauziratu ana. A ku Mtakataka ndi Golomoti angaganizire Kuti Wildlife Reserve ku Salima, kumene kuli mbidzi ndi agwape osiyanasiyana. Kuchokera pa boma pa Dedza, Lilongwe Wildlife Centre ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1, koma imbani foni kaye mufunse zimene ana angaone, chifukwa malowa ntchito yake ndi kusamalira nyama zopulumutsidwa, si kuzionetsa. Ana a sitandade 1 ndi 2 amatopa ndi ulendo wautali, theka amagona pobwerera. Maulendo otere amapindulira a sitandade 4 kupita m'tsogolo. Makalabu a zachilengedwe a bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi (WESM), kumene alipo, amathandiza pokonza.

Pafupi pomwe pano, ku Dedza, pali Chongoni, malo 127 a zojambula pa miyala amene UNESCO inawazindikira mu 2006, ndi nyumba yosungira za chikhalidwe ya Chamare ku Kungoni, pa Mua. Kumeneko ana okulirapo amaona mmene makolo athu ankajambulira ndi kusemera nyama. Zambiri mwa izo zikukhudza chinamwali ndi gule wamkulu, choncho siyirani wotsogolera alendo kuti asankhe zoyenera kufotokozera ana.

Chinthu chimodzi chimene ulendo umaphunzitsa ndipo AR imachiwononga ndi mantha oyenera. Pa foni mwana amasisita mkango, amalowetsa mutu m'kamwa mwa ng'ona, anzake n'kumaseka. Koma kuno fisi amagwiradi mbuzi m'khola, njovu za m'nkhalango za Thuma ndi Dedza-Salima zimatulukadi kukadya m'minda, ndipo kunyanja ng'ona si yosewera nayo. Aliyense woonetsa nyama pa foni anene poyera kuti yeniyeni siyandikiridwa.

Ndiye musankhe iti?

Kholo limene lili ndi foni yolola AR ndi ana awiri kapena atatu pakhomo, yesani ya Google. Simulipira china koma bandulo. Nyama imodzi pa tsiku yakwana, ndipo muzisankha zimene mwana sangazione pamudzi. Foni ikhale m'manja mwanu, inu muzifunsa, iye aziyankha, choyamba m'Chichewa kenako m'Chingerezi. Ngati foni yanu siilola, musagule ina chifukwa cha zimenezi. Pemphani mnzanu wa foni yolola ajambule kavidiyo mvuu itaima pabwalo la sukulu kapena pa msika umene mwana amaudziwa, akutumizireni. Mwana sangaizungulire, koma msinkhu auona.

Alezi a ku mkombaphala, dongo, nyimbo ndi nthano n'zokwanira pa msinkhu umenewo.

Aphunzitsi anzanga a makalasi odzaza, maziko akhale makadi a katoni, ndipo AR ibwere mwa apo ndi apo ngati mlendo, pa nyama zikuluzikulu zokha. Tsikulo gawani ana m'magulu, ambiri akhale pa makadi ndi dongo ndi atsogoleri awo, gulu limodzi lokha libwere pa mphasa pansi pa mtengo. Mafunso atatu kapena anayi mukhale mutawalemberatu, ndipo gulu lisachoke aliyense asananene chiganizo chimodzi. Nyamayo itsegulenitu pamene pali netiweki ana asanafike, musaitseke mpaka magulu onse atatha, ndipo pawabanki ikhale pafupi. Muzimitsenso mauthenga a WhatsApp, chifukwa amatulukira pamwamba penipeni pa mkango, ndipo a sitandade 3 ena amawerenga bwino kuposa mmene mukuganizira.